Kamera ya AI pa damu la makumba kuno ku Mzuzu, mugule kapena ayi?

Mayi wina wa cha ku Lusangazi, kunja pang'ono kwa tawuni ya Mzuzu, wanditumizira funso ili: "Ndili ndi madamu anayi, lililonse mamita 20 uku 20 uku, ndimaweta makumba ndi chilunguni pang'ono. July wathayu zinafa zambiri, zina zinali ndi zilonda zofiira, zina timangozipeza m'mawa zikuyandama. Mwana wanga wandionetsa mavidiyo a makamera a AI oti amaona nsomba yodwala isanafe, ndipo pali munthu akuti atha kundiitanitsira kunja. Zimenezi n'zoona? Ndigule?"

Mayi, pepani kwambiri ndi nsomba zanuzo. Munthu wadyetsa miyezi, fidi wake wodula chonchi, kenako kudzuka n'kumatola zakufa, zimawawa zedi. Ndiyankhe kaye mwachidule kenako ndifotokoze bwinobwino: mavidiyowo si abodza, makamera amenewo, ogwira ntchito ndi kompyuta yophunzitsidwa kuzindikira zinthu yokha (AI imeneyo), alipodi ndipo akugwira ntchito, koma pa madamu anu a dothi musagule kamera ya pansi pa madzi, ndalama imeneyo ingolowa m'madzi. Chomwe chingakuthandizeni ndi chida choyeza madzi, nachonso pali zoti zikhale m'malo kaye musanagule.

Zomwe mwana wanu anaonazo zambiri zimakhala za ku Norway. Kumeneko amaweta nsomba zotchedwa salmon m'makeji akuluakulu pa nyanja ya mchere, keji imodzi imaloledwa kusunga nsomba mpaka 200,000, ndipo mdani wawo wamkulu ndi nsabwe za m'nyanja zomwe zimamatirira pakhungu n'kumadya nsombayo. Lamulo lawo limati nsabwe zazikazi zokhwima zisapitirire 0.5 pa nsomba imodzi mukawerengera pakatikati, nde kale anthu ankachita kuvuula nsomba, kuzigonetsa ndi mankhwala, n'kumawerenga nsabwe ndi maso sabata ndi sabata. Pano makampani ngati Aquabyte, ndi Tidal yomwe inayambira ku Alphabet eni ake a Google, amamiza kamera m'kejimo, imajambula nsomba zikudutsa usana wonse, kompyuta n'kumawerenga nsabwe, kuona zilonda, kuyerekeza kulemera kwa nsomba osaigwira n'komwe. A Stingray anafika popanga makina oti akaona nsabwe amaiwombera ndi kuwala kwamphamvu kwa laser nsomba ikusambira. A Cermaq anayesa njira yotchedwa iFarm yofuna kuzindikira nsomba iliyonse payokha poona madontho a m'mutu mwake. Ku Japan a Umitron ali ndi makina odyetsera omwe amayang'ana ngati nsomba zikadali ndi njala, zikayamba kunyozera fidi makinawo amachepetsa okha. Ndiye si nthano ayi.

Komatu mudziwenso ichi, m'chaka cha 2023 ku Norway komweko, ndi makamera onsewo, salmon zoposa 60 miliyoni zinafera m'makeji zisanafike pokololedwa. Kamera imaona, siichiza. Anthu ogulitsa mbali imeneyi sainena.

Mmene kompyuta imaphunzirira ndi momwe muli nkhani yonse. Palibe zamatsenga, anthu amatenga zithunzi zambirimbiri za nsomba, munthu wodziwa n'kukhala pansi kumalemba kuti apa ndi chilonda, apa ndi nsabwe, iyi ili bwino, iyi yaonda, kompyuta n'kuzolowera maonekedwe amenewo mpaka kumatha kuzindikira yokha pa chithunzi chatsopano. Imadziwa zokhazo zomwe inaonetsedwa. Yophunzitsidwa pa salmon ya m'madzi oyera siidziwa makumba, siidziwa chilunguni, ndipo olo itaphunzitsidwa pa Nile tilapia ya ku Asia kapena ya ku Egypt sikuti ndiye yadziwa zathuzi, mtundu umenewo kuno ku Malawi suloledwa n'komwe kuweta chifukwa choteteza chambo chathu. Ndiye wogulitsayo akati kamera yake imadziwa tilapia, mufunseni kuti tilapia yake iti, yojambulidwa m'madzi otani.

Madziwo ndiye vuto lalikulu kuposa lonse. Damu labwino la makumba limafunika likhale lobiriwira, n'chifukwa chake mumathira manyowa, kuti timera tating'onoting'ono tomwe nsomba zimadya tichuluke. Alangizi amakuuzani kuti mukamiza mkono chikhatho chizisowa pofika cha m'chigongono, ndiye kuti masentimita 30 kapena 40 basi. Kamera nayo imaona mpaka pomwepo. Zili ngati kuyendetsa galimoto pa Chikangawa nkhungu itagwa, nyali zili zoyaka koma mukungoona pa bampala. Onjezani matope a mvula, onjezani ndere zomwe zimamera pagalasi la kamera pakangopita masiku ochepa, ndipo nsomba yodwalayo nthawi zambiri imadzipatula, imakakhala pakona kapena m'mbali mwa udzu, siidzabwera kudzadutsa pamaso pa kamera yanu.

Tiwerengenso ndalama. Damu la 20 kwa 20 ndi masikweya mita 400, mukaika nsomba zitatu pa sikweya mita ndi nsomba 1,200, zikafika magalamu 200 iliyonse popanda kufapo olo imodzi ndi makilo 240. Madamu anayi sakukwana n'tani imodzi yomwe. Anzathu a ku Norway aja kamera imodzi ikulondera matani mazanamazana a nsomba yogulitsa m'madola, ndipo makina ambiri otere sugula kamodzi n'kuiwala, pamakhala kulipira mwezi ndi mwezi kuti pulogalamu yake izigwira, m'ndalama yakunja, kuphatikiza bandulo yotumizira mavidiyo, kuphatikiza magetsi osathima pa damu lomwe lili kudimba. Tengani mtengo womwe akuuzeniwo muugawe ndi mtengo wa thumba la fidi, muone matumba angati, yankho mulipeza nokha.

Tsopano tibwere pa zomwe zinachitika mu July, chifukwa apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Mwanena zinthu ziwiri, zoyandama m'mawa ndi za zilonda, ndipo mmene ndikuonera ine awa ndi mavuto awiri osiyana, ngakhale onse atha kukhala ndi gwero limodzi lomwe ndi kuzizira kwa kuno.

Mzuzu ili pamtunda, mamita cha m'ma 1,250 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, June ndi July usiku kumatsika pansi pa madigiri 10, inu mukudziwa bwino mmene kumachitira. Nsomba zathu za mtundu wa chambo zimakula bwino madzi akakhala pa madigiri 25 mpaka 30. Akatsika pansi pa 20 kudya kumachepa kwambiri, cha m'ma 16 kapena 17 zambiri zimasiyiratu. Thupi la nsomba limatsatira madzi, madzi akazizira m'mimba simugaya msanga ndipo chitetezo cha m'thupi chimafooka. Chomwe chimachitika pa madamu ambiri n'choti mwini wake kapena mnyamata wodyetsa amapitiriza kuthira mlingo womwe uja wa mu March, chifukwa ndi zomwe anauzidwa. Nsomba 1,200 za magalamu 100 ndi makilo 120, pa 3 peresenti ndi makilo 3.6 a fidi patsiku, nyengo yotentha zimatha zonse, koma mu July theka kapena kuposa limangomira, madeya ndiye osanena. Zomirazo zimawola, ndipo kuwola kumadya okosijeni wa m'madzi n'kutulutsa amoniya yemwe amapsereza makha, mopumira nsomba muja.

Okosijeni m'damu amakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Masana timera tobiriwira tija timapanga okosijeni ndi dzuwa, cha m'ma 3 koloko masana amakhala pamwamba, dzuwa likalowa kupanga kwatha koma kupuma kukupitirira, nsomba zikupuma, timerato tikupuma, matope a pansi akupuma, ndiye amangotsika usiku wonse mpaka kufika pansi penipeni m'bandakucha. Kukachita mitambo ndi kamvula kowaza masiku atatu anayi otsatizana, zomwe kuno sizachilendo, masanawo sapangika wokwanira, usiku n'kuyamba ndi wochepa kale. Okosijeni akakhala pamwamba pa mamiligalamu 5 pa lita ya madzi nsomba zili pabwino, pansi pa 3 zayamba kuvutika, pofika cha ku 1 muzipeza zonse pamwamba zikuyasamula kukamwa. Madzi ozizira amasunga okosijeni wambiriko kuposa otentha, n'zoona, koma kukwera kwa malo kumachotsako, kuno madzi amasunga pafupifupi 86 peresenti ya omwe angasunge m'mphepete mwa nyanja yamchere. Zoyandama m'mawa zija, makamaka ngati zinali zikuluzikulu ndipo zinafa pakamwa pali yasa, ine ndingayambe kukayikira zimenezi ndisanaganize za matenda.

Ndipo apa ndi pomwe makina angakugwireni dzanja. Osati kamera, koma sensa yoyeza okosijeni ndi kutentha kwa madzi, yomangirira ku kabokosi ka sola ndi batire ndi simu khadi, imayeza pakapita mphindi zingapo zilizonse, zikatsika pa mlingo womwe mwaika imakutumizirani meseji pafoni. Madzi akhale obiriwira kaya amatope sensa ilibe nazo ntchito. AI imalowa pamwamba pa zimenezi, imatenga manambala a masiku apitawo, nyengo, fidi yemwe mwathira, n'kulosera madzulo kuti mawa 4 koloko m'mawa okosijeni adzakhala pati, kuti musadikire alamu ya pakati pa usiku. Nzeru yake si yatsopano kwenikweni, alimi a nsomba akhala akuchita pamanja kuyambira kale, amayeza dzuwa likamalowa, n'kuyezanso patapita maola awiri atatu, n'kujambula mzere wolumikiza manambala awiriwo kuupitiriza mpaka m'mawa, ukaloza pansi pa 2 amadziwa kuti usiku uno sitigona. Kompyuta imangochita zomwezo ndi zinthu zambiri nthawi imodzi ndipo siitopa.

Funso lomwe ndimafunsa aliyense wofuna sensa ndi ili, meseji yalowa 2 koloko usiku, mutani? Mumakhala pafupi ndi madamu? Muli ndi ngalande yoti mutsegule madzi atsopano alowe pompopompo? Muli ndi pampu yoti itunge madzi a m'damu momwemo n'kuwawaza m'mwamba kuti agwe ndi mpweya? Ngati ndi ya sola, ili ndi batire? Chifukwa vutoli limabwera dzuwa kulibe. Ngati zonsezi palibe ndiye kuti mwagula chida chokuuzani nthawi yomwe nsomba zanu zafera basi. Choncho ndalama yoyamba ipite ku njira ya madzi, polowera ndi potulukira pa damu lililonse palokha, ndi kapampu, sensa ibwere pambuyo. Ndikunena izi motsindika chifukwa ambiri amayambira kumapeto.

Sensa nayonso ndi chiweto, imafuna kusamalidwa. Zotchipa zambiri zili ndi kakhungu kopyapyala kumapeto ndi timadzi ta mkati zofunika kusintha, zoyeza ndi kuwala zimakhalitsa koma n'zodula, zonse zimamera ndere ndipo zimafuna kupukuta pafupipafupi ndi kuzikonza kuti ziziwerenga zoona. Yosasamalidwa imanama, imatha kukuuzani 6 pomwe m'madzi muli 2, ndipo bodza limeneli ndi loopsa kuposa kusakhala ndi sensa chifukwa mumagona mtima uli m'malo. Musanapereke ndalama mufunse wogulitsa kuti zosinthira zake zimapezeka kuti muno m'Malawi, netiweki ikapanda kugwira manambala amasungika kapena amatayika, imatumiza SMS wamba kapena mpaka intaneti, ikaonongeka akonza ndani, ndipo koposa zonse akutengereni pa damu la dothi la munthu wina pomwe chidacho chagwira nyengo yonse ya mvula ndi yozizira, mukacheze ndi mwini wakeyo panokha wogulitsa palibe. Akakanika chimenechi musagule.

Pa madamu anayi ine ndingasankhe mita yoyezera okosijeni yonyamula pamanja, ndipo ngati muli pa kalabu kapena kopaletivi musonkherane mugule imodzi, izizungulira, mlimi aliyense ayeze m'bandakucha ndi masana kangapo pamwezi, makamaka kukachita mitambo. Themometa ya madzi yokha ndi yotchipa, imeneyo gulani yanuyanu mawa lomwe, muimangirire pa chingwe izikhala m'madzi. Ikamawerenga pansi pa 20 chepetsani fidi, dyetsani kamodzi masana dzuwa litatenthetsako madzi, thirani pang'onopang'ono mukuyang'ana, zikapanda kubwera mkati mwa mphindi 10 kapena 15 siyani, nsomba siifa ndi njala ya masiku awiri koma imafa ndi madzi owola. Zomwe makina a Umitron aja amachita ndi zomwezi, kuyang'ana njala. Ndipo ngati madamu anu ndi osaya, kukumba kuti mbali yakuya ifike mita imodzi ndi theka kumathandiza, madzi ambiri sazizira msanga usiku. Ena amafunditsa pulasitiki yoonekera pa timadamu ta mbewu kuti madzi afunde.

Za zilonda zofiira ndiye ndikupemphani muzitenge mozama. Mu 2020 ku Mchinji kunatsimikizika matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS koyamba muno m'Malawi, boma mpaka linaletsa kusamutsa nsomba kuchokera kumadera okhudzidwa, ndipo kuno kumwera kwa Africa anayamba kuoneka cha m'ma 2006 ku mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Amayamba ndi kachuku ka m'madzi kotchedwa Aphanomyces invadans, kamalowera pomwe khungu lasupuka n'kumadya mnofu mpaka chilonda chakuya, ndipo amakonda nyengo yozizira ndi madzi owawasa a asidi. Mlamba ndi matemba zimagwidwa kwambiri, koma makumba ndi chilunguni nazo sizinapulumuke. Mankhwala ochiza palibe. Komabe si chilonda chilichonse chomwe ndi EUS, bakiteriya wa Aeromonas amapanga zofiira zofanana, chuku cha Saprolegnia chimaoneka ngati thonje pakhungu nyengo yomweyi, ukonde umasupula, kakowa akajompha n'kuphonya amasiya bala, katumbu ndi ng'azi chimodzimodzi. Katswiri wazaka zambiri sangalumbire ndi maso okha, mpaka kachidutswa ka mnofu kaonedwe pa maikulosikopu kapena kayezedwe ku labu ndi PCR, njira yofufuza chibadwa cha kachilomboko. Nde ngati munthu wogwira nsombayo m'manja sangatsimikize, apu yoona chithunzi cha pafoni ingatsimikize bwanji?

Izi ndikunenera ma ChatGPT ndi anzake, mapulogalamu a AI oyankha mafunso aja, chifukwa ndikudziwa mwana wanu ayesa kutumizako chithunzi, ndipo sindikuletsa. Amathandiza kuwerengetsa fidi, kukonza marekodi, kukufotokozerani chizungu cha papepala la mankhwala, kukukumbutsani mafunso oti mudzifunse. Vuto lawo amayankha molimba mtima olo pomwe sakudziwa, ndipo zambiri zomwe anawerenga ndi za nsomba za kwina, nthawi zina za m'magalasi a m'nyumba. Akakutchulirani dzina la matenda mulitenge ngati chokayikira chabe chokafunsa alangizi. Akakuuzani kuti thirani antibayotiki m'damu musachite, chonde. Anthu akuthira mankhwala a nkhuku m'madzi mwachisawawa, EUS samva mankhwala amenewo, ndalama yatha, tizilombo tikuzolowera mankhwala, ndipo nsombazo zikadyedwa ndi ana athu omwe. Laimu ndi mchere zimathandiza kuchepetsa vuto koma mlingo wake umadalira madzi anu, alangizi a za nsomba akuyezereni kaye pH, mlingo wa kuwawasa kwa madzi, pakati pa 6.5 ndi 9 ndi pomwe timafuna.

Matenda ambiri amalowa pa damu chifukwa cha zochita zathu zomwe. Ukonde wobwerekana womwe dzulo unali m'damu la wina n'kulowa mwanu usanaume, mbewu yogula kwa munthu wosadziwika chifukwa yatchipa, madzi a mumtsinje olowa opanda sefa atanyamula tinsomba ta kutchire, madzi ochoka damu loyamba kulowa lachiwiri mpaka lachinayi, zakufa kuzitaya m'ngalande kapena kupatsa agalu m'malo mozikwirira. Ku Ghana pa nyanja ya Volta alimi a makeji anataya nsomba zochuluka kwambiri cha m'ma 2018 ndi 2019 ndi kachilombo ka ISKNV, ndipo kachilombo ka TiLV kogwira nsomba za mtundu wa tilapia, komwe kanadziwika mu 2014 ku Israel, kanapezekapo kale mu nyanja ya Victoria. Si kutali kumeneko. Ukonde wanu uziyanikidwa padzuwa mpaka kuuma gwa, mbewu yatsopano izikhala payokha masabata awiri kapena atatu isanasakanizidwe, ndipo mu June ndi July musamavuule nsomba popanda chifukwa, kuigwira nthawi yozizira n'kuichotsa thelezi la pakhungu lomwe ndi chitetezo chake choyamba.

Anzathu akunja akamakamba za makamerawa amakambanso za ubwino wa moyo wa nsomba, osati kungoti isafe. Ena kuno amaseka, ati nsomba imamva chani. Imamva, mayi. Nsomba yopanikizika m'damu lodzadza, yokokedwa ndi ukonde maola ambiri, yonyamulidwa m'chidebe cha madzi otentha opanda mpweya kuchokera komwe mwagula mbewu, thupi lake limatulutsa zizindikiro za kupsinjika zomwe asayansi amatha kuyeza, imasiya kudya, imachedwa kukula, imadwala msanga. Ineyo zimandikhudza ndikaona nsomba zaunjikidwa pa udzu padzuwa zikuphupha mpaka kufa pang'onopang'ono, ndipo olo wina asakhudzidwe, nsomba yofa chonchi mnofu wake umafewa ndipo siichedwa kuonongeka pamsika. Kololani m'mawa kukadali kozizira, mwachangu, iphani msanga, ikani pa ayezi ngati alipo.

Sikuti kamera ilibe malo konse kwathu kuno. Pa hachare, pomwe tiana ta nsomba tili m'mathanki a madzi oyera, makina owerenga ndi kamera amagwira bwino ndipo amathetsa mikangano ya kuti ndinalipira 1,000 koma mwandipatsa 700. Pa makeji a pa nyanja, monga a Maldeco ku Mangochi kapena wina atayika cha ku Nkhata Bay komwe madzi ndi oyera mbee, kamera ya pansi pa madzi ili ndi nzeru chifukwa imaona patali ndipo nsomba zake ndi zamatani. Pa madamu amatope ena kunja anasiya za maso n'kupita ku makutu, a AQ1 Systems a ku Australia amamiza maikolofoni m'madamu a shrimp, kompyuta n'kumamvera phokoso la kudya, likachepa imasiya kuthira fidi. Ndipo kwa inu kamera yomwe ingabweze ndalama yake mwina ndi ya pamtengo, ya sola, yoyang'ana damu kuchokera pamwamba, zambiri masiku ano zimazindikira munthu akadutsa usiku n'kukutumizirani chithunzi. Nsomba zambiri zomwe alimi amati zasowa sizinadwale, zinapita ndi mbalame, katumbu, kapena munthu wa ukonde wa udzudzu. Kamera yomweyo m'mawa ikuonetsani ngati nsomba zili pamwamba kuyasamula.

Chinthu chomwe ndikufuna muyambe sabata ino ndi kope. Damu lililonse tsamba lake, tsiku, kutentha kwa madzi m'mawa ndi masana, kunja kunacha bwanji, mtundu wa madzi, fidi munathira wochuluka bwanji ndipo zinadya motani, zakufa zingati. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Pakatha miyezi ingapo muyamba kuona nokha kuti damu lachitatu limavuta kukachita mitambo masiku awiri, kapena kuti kudya kumatsika masiku angapo imfa isanayambe, ndipo kuchepa kwa kudyaku ndi chizindikiro choyamba cha pafupifupi vuto lililonse la nsomba. Mwana wanu azilowetsa manambalawo mu foni, ndi pomwe angagwiritse AI mwaphindu, kuifunsa kuti ione zomwe zikubwerezabwereza m'manambala anu enieni. Popanda manambala amenewa olo mutagula makina abwino chotani alibe pophunzirira za damu lanu.

Ndipo ndili ndi pempho kwa achinyamata omwe akuwerenga, a ku Mzuni kuno komwe kuli dipatimenti ya za nsomba komanso a ICT, a ku Bunda, ndi ofufuza a ku Domasi. Palibe wa ku Norway amene adzakhale pansi kujambula makumba odwala a ku Lusangazi. Ngati tikufuna tsiku lina mlimi azijambula nsomba ndi foni n'kulandira uphungu wodalirika mu Chichewa kapena mu Chitumbuka, zithunzizo tiyenera kusonkhanitsa tokha, chilichonse chikhale ndi yankho la ku labu kumbuyo kwake, osati zongoganizira. Kabokosi koyeza kutentha n'kutumiza SMS ophunzira athu atha kulumikiza ndi tizida totchipa ngati ESP32, chodula ndi sensa ya okosijeni yokha. Chosowa kwambiri ndi kupirira kokasiya chidacho pa damu la mlimi chaka chathunthu n'kumabwererako kukachipukuta, osati kungochionetsa pa tsiku la pulojekiti.

Zilonda zikadzaonekanso, mayi, chitani izi tsiku lomwelo. Siyani kudyetsa, tsekani madzi asachoke m'damu limenelo kupita kwina, musagulitse kapena kugawa nsomba za mmenemo, ukonde ndi zidebe zake zikhale zake zokha. Imbirani alangizi a za nsomba a boma, EUS ndi matenda oyenera kunenedwa ndipo iwo ndi omwe amadziwa njira yotumizira ku labu, ku Lilongwe kuli labu yaikulu ya boma ya za ziweto. Nsomba yokayezetsa ikhale yodwala koma yamoyo, ya chilonda chongoyamba kumene, yofa dzulo yawola kale ndipo siiwauza kanthu. Mukalephera kuinyamula yamoyo ikulungeni m'pulasitiki payokha muiike pa ayezi, musaiumitse mu firiza chifukwa kuuma kumaononga mnofu womwe akufuna kuuona. Jambulani mbali zonse ziwiri pa kuwala kwa panja, chilondacho pafupi, makha mutatsegula chivindikiro chake, rula ili pambali. Ndipo mundilemberenso mundiuze kuti madzi anu amachokera pa kasupe kapena mumtsinje, madamu ndi akuya bwanji, mbewu munaitenga liti, komanso mu July munkathira makilo angati patsiku, kuti tiwerengere limodzi mlingo wa nyengo yozizira ikubwerayi.